Dzina Limene a Chikopa Anakana Kutchula

Loweruka lapitali tinapita kukavundukula mwala wa pamanda a amalume anga, a Lazaro Chikopa, patatha chaka chiwaikire. Akuluakulu a ku Railways ankawadziwa kuti ndi a Chikopa a masiginolo. Achinyamata a ku Ngungu ankangoti Shikulu Haka, ndiye kuti Agogo Haka, dzina limene amatchulira anthu othyola makompyuta a eni, ndipo amalume ankadana nalo kwambiri. Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Kwa zaka zoposa khumi ankagwirira ntchito pakona ya shopu yanga ya fotokope ku Ngungu, choncho ndinawaona tsiku ndi tsiku kuposa ana awo enieni.

Anamwalira ali ndi mlandu umodzi ndi akazi awo, aNaphiri. Zaka zisanu ndi zitatu aNaphiri ankafunsa funso limodzi: kodi dzina la mkamwini wawo linali pa mndandanda umene amalume anauona mu kompyuta ya kiliniki ina, kapena panalibe? Zaka zonsezo amalume sanayankhepo kuti inde kapena ayi. Mlanduwu ndinauyambitsa ndine ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Amalume anali munthu wamfupi, woyenda mwachangu ngati pali sitima imene ikumusiya. Tayi sankamusiya ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo amalume anabadwira mu komboni ya mgodi muno mu Kabwe. Ku Malawi anapitako kawiri kokha, ulendo wachiwiri n'kubwerako akudandaula za mabasi, koma ankatchulabe kuti kwathu. M'khosi ankavala chingwe chokhala ndi mendulo ya Amayi Maria, ndipo pachingwe chomwecho ankamangirirapo fulashi yaing'ono yakuda. ANaphiri ankati ndi chithumwa. Ankati mwamuna wawo anakana zithumwa unyamata wake wonse kuti adzavale cha azungu atakalamba.

Mu fulashi ija munali sisitimu yathunthu yoyendetsera kompyuta, yosiyana ndi imene ife timalembera makalata. Anaipanga anthu a kunja kuti izigwiritsidwa ntchito ndi oyesa chitetezo cha manetiweki, ndipo aliyense amatha kuitenga pa intaneti mwaulere. Amalume anaitenga pa netiweki ya shopu yanga, ndipo inatenga masiku atatu chifukwa magetsi ankangothima ili pakati. Akabaya fulashiyo ku laputopu n'kuyatsa, sikirini inkada bii, kenako n'kutuluka timalemba toyera. Mkatimo munali zida zambirimbiri. China chinkayenda n'kuwerenga makina onse olumikizidwa pa netiweki ndi kuona amene asiyidwa otsegula. China chinkayesa mapasiwedi amene anthu aulesi amakonda. China chinkamvetsera zodutsa pa waifai. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi akuba amagwiritsa zida zotani. Anandiyankha kuti zomwezi, zenizenizi, ndipo kusiyana kwa iwo ndi wakuba ndi pepala basi.

Pepalalo anachokera nalo ku njanji. Anagwirako ntchito kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma, ku mbali ya masiginolo ndi matelefoni. Ankati kumeneko munthu sankakwera mtengo wa mawaya kapena kutsegula bokosi la siginolo popanda chilolezo cholembedwa ndi mkulu wa siteshoni, chonena kuti uyambira pati, ulekezera pati, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji. Ntchito imene ankaikonda kwambiri inali yowononga dala. Ankachotsa waya mmodzi kuti aone ngati siginolo iyaka yofiira. Ikakhalabe yobiriwira, ankadziwa kuti tsiku lina idzapha anthu. Ankakonda kunena kuti chinthu chimene sichinayesedwe sichili bwino, changokhala ndi mwayi. Atapuma ntchito, mwana wawo wa ku Lusaka anawapatsa laputopu yakale yoti aziwerengerapo nkhani. Patangopita zaka ziwiri, mwana yemweyo ndi amene ankawaimbira foni kuwafunsa za makompyuta.

Ankayenda ndi buku la makaboni, lija lolemba kamodzi n'kutuluka kawiri. Asanabaye fulashi pa netiweki ya munthu, mwini wake ankayenera kusaina: dzina, makina oti ayesedwe, tsiku, ola loyambira ndi ola lotsekera. Ola likakwana ankatseka laputopu ngakhale atatsala pang'ono kupeza chimene akufuna. Ankayesera masukulu ang'onoang'ono, malo ogona alendo, mashopu a mankhwala. Anakanganapo ndi abambo mfumu a ku tchalitchi kwathu atapeza kuti pasiwedi ya ku ofesi inali dzina la woyera wa parishi ndi manambala atatu otsatizana. Abambo mfumu anati palibe angabere nyumba ya Mulungu. Amalume anawakumbutsa kuti belu laling'ono la pa guwa linabedwa Misa ili mkati. Sanalankhulane milungu iwiri, koma pasiwedi inasinthidwa.

Chimene chinkawapsetsa mtima ndi anthu obwera ndi zinthu za eni. Mnyamata wina woyendetsa takisi anafika tsiku lina akumwetulira.

"Shikulu, waifai ya neba ni yamphamvu maningi. Nitsegulireniko chabe pang'ono."

"Neba wakoyo wasaina pati?"

"Awe, Shikulu, sangazibe."

"Ndiye ukufuna wakuba. Ine ndine woyesa."

Azimayi ndiwo ankabwera ambiri, foni ya mwamuna ataikulunga mu chitenje. Mmodzi ndimamukumbukira chifukwa anali wolimba mtima.

"Ba Chikopa, foni ya amuna banga iyi. Nifuna chabe kuona amene batumirana naye mameseji."

"Amayi, bwerani ndi mwini wake. Asaine apa, titsegule tonse atatu."

"Imwe, angavomere uja?"

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Mayiyo anatuluka akutukwana m'Chibemba, amalume n'kupitiriza kumwa tiyi wawo wopanda shuga. Ine ndinkaseka kuseri kwa makina. Sindinkadziwa kuti tsiku lina wopempha kuti aone za mwini adzakhala wa m'nyumba mwawo.

Ku Kamushanga kunali kiliniki yaing'ono ya mayi wina amene anali namwino kale, a Mwansa. Munthu wina anawaikira makompyuta ndi waifai yoti odwala azigwiritsa podikira, n'kuwatsimikizira kuti ngakhale mfiti singalowemo. Mayi Mwansa sanakhutire, ndipo anaitana amalume. Anasaina m'buku muja: Lachiwiri, kuyambira teni koloko mpaka thwelofu. Amalume anakana kukhala mu ofesi. Anakhala pa benchi ya panja pamodzi ndi odwala, laputopu pamaondo, chifukwa wakuba akanakhala pomwepo. Ola lisanathe anapeza kuti waifai ya alendo ndi kompyuta yosunga za odwala zinali pa netiweki imodzi, popanda chotchinga, ndipo pasiwedi inali yomwe makinawo anabwera nayo kuchokera ku fakitale. Anaona fayilo ili poyera. Pofuna kutsimikiza kuti si yopanda kanthu, anaitsegula. Unali mndandanda wa anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo, dzina ndi kumene munthu amakhala. Anatseka laputopu nthawi yomweyo, koma maso anali atawerenga kale.

Masana a tsikulo anabwera ku shopu, analemba lipoti ndi manja n'kundipatsa kuti nditaipe. Nditafika pa mzere wonena kuti aliyense wokhala pa benchi ya panja atha kuwerenga mayina a olandira mankhwala, ndinaleka kutaipa.

"Ba Malume, mwaona maina?"

"Taipa zimene zalembedwa, Agi."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinawauza aNaphiri. Sindinafune choipa. Ndinkangodzitama kuti amalume anga ndi katswiri, athyola kompyuta ya kiliniki atakhala pa benchi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha ndisanamalize n'komwe, ndipo ndinadziwa kuti madzi atayika, sawolekanso.

Nthawi imeneyo mwana wawo womaliza, Tiyamike, amene ndi mphunzitsi, anali pa chibwenzi ndi Bwalya, makaniko wa ku mawekishopu a njanji, ndipo ankhoswe anali atakumana kale. Bwalya ankakhala ku Kamushanga. Mkazi wake woyamba anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo anthu ankanong'ona monga amachitira. Mayi wina wa m'kwaya anali atawatsina khutu aNaphiri kuti anamuonapo Bwalya akutuluka pa kiliniki yomweyo.

ANaphiri anandikoka dzanja mpaka kunyumba kwawo ku Railways kuti ndikakhale mboni. Amalume tinawapeza pakhonde akupukuta nsapato.

"A Chikopa, Tiyamike ni mwana wanu. Nafunsa dzina limodzi chabe. Lilipo olo kulibe?"

Amalume anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikanakonda akanandimenya.

"Zimene ndinaona si zanga, aNaphiri."

"Ngati kulibe, kambani chabe kuti kulibe, mtima wanga ukhale pansi."

"Ndikanena lero kuti palibe, mawa mudzandifunsa za munthu wina. Ndikadzakhala chete, mudzadziwa kuti ameneyo alipo. Choncho sindinena za aliyense."

"Sinifunsa za aliyense ine! Nifunsa za munthu amene azagona na mwana wanga!"

"Ndamva."

"Pepala lanu lija lizamuika m'manda Tiyamike. Mukazamuika, muzayale lomwelo pa bokosi."

Amalume anatenga nsapato ina n'kuyamba kuipukuta, koma inali yomwe anali atapukuta kale.

Ndinene zoona, ine ndinali mbali ya aNaphiri. Ndinkaona kuti lamulo ndi la alendo, osati la mwana wobereka wekha. Milungu iwiri yotsatira amalume ankabwera ku shopu koma osayatsa laputopu. Anawonda, kolala ya malaya n'kuyamba kuwakhwepa. Anabwerera kwa mayi Mwansa, anawathandiza kulekanitsa waifai ya alendo ndi kompyuta ya odwala, ndipo mu lipoti anawonjezera mzere wodzineneza okha, woti anatsegula fayilo pamene kuona dzina lake kunali kokwanira. Mayi Mwansa anati palibe mlandu, poti anasaina ndi iwo. Amalume anati mlandu ulipo. Anandiuza kuti ku njanji, munthu wa matelefoni akalumikiza chida chake pa waya amamva anthu akulankhula, ndipo wophunzitsidwa bwino amangomva kuti mawu akudutsa n'kuchotsa msanga asanamve nkhani. Anati zaka zonse zija sanalakwitsepo, wadzalakwitsa ndi imvi.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndinalimba mtima n'kuwauza kuti angowanong'oneza aNaphiri, nkhani ithere m'nyumba. Sanapse mtima. Anandifunsa kuti kodi nkhani ya pa benchi ija inathera m'shopu? Kenako anati Kabwe ndi wamng'ono. Zikangomveka kuti Chikopa akudziwa mayina ndipo watchula limodzi, anthu onse a pa mndandanda uja adzaopa kupita kukatenga mankhwala, ena adzaleka kumwa, ndipo adzafa anthu amene iye sanawaonepo nkhope. Anatinso usiku ndi usana akuona nkhope ya Tiyamike, ndipo ngati akulakwitsa ndiye kuti akupha mwana wake. Aka kanali koyamba kuwaona akulira. Anapukuta maso ndi nsonga ya tayi.

Chimene anachita palibe anachiyembekezera. Anaitana ankhoswe a mbali zonse n'kuwauza kuti m'nyumba ya Chikopa simudzatuluka ukwati anthu asanakayezetse magazi limodzi, mwamuna ndi mkazi, n'kumvera limodzi zotsatira. Wina wa kuchimuna anati kumeneko ndi kunyoza mwana wawo. Amalume anati lamulo loyambira pa ana ndi nkhanza, choncho oyamba kuyezetsa akhala iwo ndi aNaphiri. ANaphiri anangoti kukamwa yasa. Anali atakhala m'banja zaka zoposa makumi anayi.

Lolemba m'mawa anapita onse anayi ku chipatala cha boma, ine n'kutsatira chifukwa sindikanatha kukhala. Amalume anali kutsogolo atavala suti ya maukwati, aNaphiri pambuyo pawo nkhope ili gwa, kenako Tiyamike ndi Bwalya. Anthu a pa mzere ankagwirana zigongono. Mzibambo wina analephera kudzigwira.

"Shikulu, nanga imwe mwachita chani futi?"

"Ndabwera kudzayesedwa. Iwe wabwera kudzagula tomato?"

Mzere wonse unaseka, ngakhale aNaphiri anabisa pakamwa ndi chitenje. Akuluwo analowa n'kutuluka msanga. Tiyamike ndi Bwalya anakhalitsa mkati. Potuluka maso a Tiyamike anali ofiira, koma anali atagwira dzanja la Bwalya. Anaima pamaso pa makolo ake n'kunena mawu awiri okha.

"Ukwati ulipo."

ANaphiri anamukokera pambali kuti amufunse. Tiyamike anawayankha mwaulemu kuti imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba mwake. ANaphiri anabwerera akupukusa mutu, akuti anabereka a Chikopa achiwiri.

Ukwati unachitika, ndipo ana awiri anabadwa, onse aakazi. Koma aNaphiri sanakhululuke. Ankawaphikira amuna awo, kuwachapira, kuwasitira matayi aja, koma Tiyamike akangotsokomola kapena kuwonda pang'ono ndi ntchito ya kusukulu, ankatembenuka n'kuwayang'ana amalume. Bwalya ankamulandira bwino, koma kapu imene wamwera ankaitsuka kawiri, ndipo amalume ankaona. Akakhala awiri funso lija linkabwera, nthawi zina mwaukali, nthawi zina mopempha. Amalume anali ndi milandu ina yambiri. Anali ouma khosi, sankapepesa msanga, ndipo anakwiyirapo mwana wawo wa ku Lusaka chaka chathunthu chifukwa chogwiritsa ntchito tsiku lake lobadwa ngati pasiwedi ya ku banki. Koma pa nkhani iyi sindinawamvepo akukweza mawu.

Anadwala sitiroko chaka chatha nyengo yozizira. Ku chipatala ankatha kulankhula pang'onopang'ono. Masana ena ine ndili pomwepo, aNaphiri anawerama n'kuwagwira dzanja.

"A Chikopa, mupita nazo?"

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha madzi. Anamwalira patapita masiku awiri.

Loweruka lija ku manda, abambo mfumu atadalitsa mwala, Bwalya anapempha kuti alankhule. Si munthu wolankhula pagulu, ndipo anayamba wavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

"Dzina yanga inalipo pa lisiti ija," anatero. "Nili pa mankhwala kuchokera pamene mkazi wanga woyamba anamwalira. Pamene ninamvera kuti ba tata baona maina, ninaziba kuti vasila, ukwati kulibe. Ninali kuyembekeza chabe kuti banipitikise. Pa Chisanu banabwera ku wekishopu, banaima pafupi na ine, bati, Lolemba tipita tonse ku chipatala, uli na masiku atatu yokonza vinthu vako. Basi. Sibanakambe vina. Mawa lake, pa Chibelu, ninamuuza Tiyamike neka, na pakamwa panga. Analira, anayenda, anabwera. Mpaka lero alibe kachilombo, na bana bonse babili balibe. Zaka zonse izi ba tata sibananiyang'anepo na diso yosiyana. Nakamba neka lero kuti munthu asabapatsenso mlandu. Amene afuna kukamba, akambe, ine sinibisanso."

Tiyamike anali ataima pambali pake, mutu uli m'mwamba. Ndinayang'ana aNaphiri. Ankayang'ana mwala mpaka tinabalalika.

Pakona paja mu shopu sindinaikepo kanthu. Ndinayesapo kuunjikapo makatoni a mapepala, koma ndinawachotsa tsiku lomwelo. Patsala tebulo laling'ono lopanda chilichonse pamwamba, mpando wa pulasitiki umene mwendo wake wina anaumanga ndi waya, ndi soketi imene anaika okha chifukwa ankati yanga idzawotcha nyumba. Pakhoma pali malo akuda pang'ono, pamene ankatsamiritsa mutu akamadikira kuti makina amalize kuyesa. Makasitomala akadzaza amaima chiimire, palibe amakoka mpandowo, ngakhale amene sanawadziwe.

Lolemba m'mawa aNaphiri analowa mu shopu, koyamba chimwalirire amuna awo. Sanandipatse moni. Anapita molunjika pakona paja n'kuima, chikwama atachikumbatira pachifuwa, akuyang'ana malo akuda aja pakhoma.

"Mukananiuza, nikanauthetsa ukwati uja tsiku lomwelo," anatero.

Anabwereza, akuyang'anabe khomalo.

"Nikanauthetsa, a Chikopa."

Kenako anatembenuka, anatsegula chikwama n'kutulutsa kadi la kusikelo la mdzukulu wawo wamng'ono, mwana wa Tiyamike ndi Bwalya, loti akamulembetsere sukulu ya mkaka. Anati ndipange makope awiri. Ndinalandira kadilo n'kuyatsa makina.